Moyo waufupi ndi chikhulupiriro m'mbali mwa nyanja ku Chiwanda

Anthu a ku Chiwanda, kumwera kwa Mbamba Bay kufupi ndi malire a Tanzania ndi Mozambique, sanadikire m'busa kuti awauze kuti moyo sukhalitsa. Nyanja inali itawaphunzitsa kale. Msodzi ankapalasa bwato madzulo kukapha usipa, mwera n'kudzuka usiku, kukacha mudzi wonse uli pamaliro. M'zaka za m'ma 1800 kunawonjezeka nkhondo za Angoni a ku Songea ndi ogula akapolo, moti ena ankamanga nyumba pamitengo yozika m'madzi kuti agone tulo. Chowalimbitsa mtima chinali chakuti wakufa satha: amasanduka mzimu, amathiridwa nsembe ya ufa ndi mowa, dzina lake n'kulowa mwa mdzukulu.

Chikhristu chinafika kuno ndi maliro akenso. Mu 1882, William Percival Johnson wa mishoni ya UMCA anafika kunyanja ndi mnzake Charles Janson, koma Janson anamwalira patangopita masiku owerengeka. Mu 1884 Johnson anadwala maso mpaka kutsala pang'ono kuchita khungu. Mu 1895 Chauncy Maples, atangodzozedwa kumene kukhala bishopu wa Likoma, anamira bwato lake litagubuduzika ndi mphepo, ndipo anaikidwa ku Nkhotakota.

Munthu wina akanalongedza katundu. Johnson anatsala, ndipo m'mene anagwiritsira ntchito masiku ake ndi pomwe pagona nkhani. Sitima ya nthunzi ya mishoniyi yotchedwa Charles Janson, kenako ya Chauncy Maples kuyambira 1901, inkayenda gombe ndi gombe kusiya aphunzitsi m'midzi. Johnson, ndi diso lake lofookalo, ankayandikizitsa pepala kumaso n'kumamasulira Baibulo m'Chinyanja cha ku Likoma, chomwe a ku Chiwanda ankachimva ngati chawo. Choncho buku la Mlaliki ndi Masalimo, omwe amakamba za kufulumira kwa masiku a munthu, anawerengedwa kwa asodzi amene ankaidziwa nkhaniyo kuposa wowerengayo. Chatsopano kwa iwo chinali chiyembekezo cha kuuka kwa akufa, ndi chiphunzitso chakuti tsiku lililonse, ngakhale la kapolo, lili ndi mtengo pamaso pa Mulungu.

Mtendere sunakhalitse. Nkhondo ya Maji Maji ya 1905 mpaka 1907 inasiya njala m'dera la Songea. Mu Ogasiti 1914 sitima ya Angerezi ya Gwendolen inawombera ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ili padoko la Sphinxhafen, lomwe lero ndi Liuli. Pa Liuli pomwepo ndi pamene Johnson anamwalira pa 11 Okutobala 1928, atatha zaka 46 kunyanja. Manda ake alipo, ndipo ambiri amamutenga ngati woyera mtima. Pafupi pake pali chipatala cha St Anne.

Komabe ine ndimaona kuti mbiriyi imakondera azungu. Amene ankagona m'midzi sitima ikachoka, kuphunzitsa ana alifabeti pamchenga, kupempherera odwala ndi kuika maliro, anali aphunzitsi ndi ansembe akuda. Mmodzi wa iwo ndi Bambo David Kambona a ku Kwambe, atate ake a Oscar Kambona amene anadzakhala nduna m'boma la Nyerere. M'manja mwa anthu otere mpingo unakula mpaka gombeli linachoka mu dayosizi ya Nyasaland mu 1952, ndipo mu 1971 kunabadwa dayosizi ya Ruvuma. Akatolika nawo, amene anayambira ku Peramiho mu 1898, anatsikira kunyanja ndi sukulu ndi zipatala zawo.

Lero Mbamba Bay ndi likulu la boma la Nyasa, ndipo mwera ukadatengabe asodzi. Agogo amene akudziwa mayina a aphunzitsi oyamba a ku Chiwanda akutha mmodzimmodzi. Inu a mpingo ndi ana a kunyanja, akhalireni pansi muwafunse, mulembe mayinawo akadali moyo.