Nkhokwe ya magazi ndi timinofu ta odwala khansa

Nkhokwe imeneyi, yomwe pa Chipwitikizi amati biobanco, ndi malo omwe chipatala kapena bungwe la kafukufuku limasungako magazi, mkodzo ndi tizidutswa ta chotupa ta odwala khansa. Akatswiri amafufuzamo zizindikiro zosaoneka ndi maso zomwe zimasonyeza kuti khansa yayamba, chomwe chaiyambitsa, kapena ngati mankhwala akugwira ntchito.

Katengedwe ndi kasungidwe

Magazi amatengedwa pamkono, pang'ono chabe, monga zimachitikira poyeza matenda ena. Kamnofu kamachotsedwa pa nthawi ya opaleshoni, kapena ndi singano poyeza chotupa. Timinofu tina timaikidwa m'mankhwala a formalin kenako n'kukutidwa ndi phula, ndipo timakhala zaka zambiri osawonongeka. Tina timasungidwa m'mafiriji ozizira madigiri 80 pansi pa ziro, kapena mu nitrogen wamadzi pa madigiri 196 pansi pa ziro. Mafiriji otere amafuna magetsi osathimathima, n'chifukwa chake nkhokwezi zimakhala m'zipatala zikuluzikulu.

Phindu lake kwa alimi

Mu 1991, akatswiri omwe anayeza timinofu ta khansa ya chiwindi ta odwala a kumwera kwa Africa, kuphatikizapo a ku Mozambique, anapeza chipsera chofanana pa jini yotchedwa TP53. Chipserachi chimasiyidwa ndi aflatoxin, poizoni wa chuku chomwe chimamera pa mtedza ndi chimanga chosauma bwino. Ngoziyi imakula kwambiri mwa munthu yemwe alinso ndi kachilombo ka hepatitis B. Umboni woterewu ndi womwe umalimbikitsa uphungu woumitsa bwino mbewu zisanalowe m'nkhokwe ndi kutaya mtedza wachuku.

Ufulu wa wodwala

Kusungira kafukufuku magazi kapena kamnofu kumafuna chilolezo cha mwiniwake. Wodwala ayenera kufotokozeredwa m'chilankhulo chomwe amamva, kenako asainire kapena adinde chala. Wokana amalandirabe chithandizo chonse, ndipo wovomera akhoza kusintha maganizo pambuyo pake. Pabotolo pamalembedwa nambala m'malo mwa dzina. Ku Mozambique kafukufuku wotere amayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu wa anthu pa kafukufuku, ndipo yaikulu ndi Comité Nacional de Bioética para a Saúde ya Unduna wa Zaumoyo.

Kawirikawiri zotsatira zake sizichiritsa amene wapereka magaziwo. Zimathandiza odwala a m'tsogolo kuti khansa yawo izipezeka msanga, isanafalikire.