Takisi kapena dalaivala wapadera: kusankha mayendedwe sitima ikakocheza ku Italy

Sitima zikuluzikulu zapamadzi zomwe zimanyamula anthu okasangalala ndi kuona malo panyanja ya Mediterranean sizikhalitsa padoko. Kawirikawiri zimakocheza m'mawa n'kunyamukanso madzulo a tsiku lomwelo, choncho mlendo amakhala ndi maola owerengeka oti atsike, aone zomwe wadzera ndi kubwerera. Amene sakufuna kukwera basi ya gulu yomwe kampani ya sitima imakonza amasankha pakati pa njira ziwiri zoyendera pagalimoto: kukwera takisi yomwe waipeza padoko, kapena kupangana ndi dalaivala wapadera masiku angapo sitima isadafike.

Ambiri amayamba ndi kufunsa mtengo. Koma chomwe chimalemera kwambiri pankhaniyi ndi mtunda wochokera padoko kukafika pamalo okaonawo, komanso chitsimikizo cha ulendo wobwerera. Madoko awiri a m'dziko la Italy, la Civitavecchia ndi la Napoli, amaonetsa bwino kusiyana kwa njira ziwirizi.

Lamulo la sitima

Sitima iliyonse imalengeza nthawi yomwe anthu onse ayenera kukhala atakwera, ndipo nthawi zambiri imakhala mphindi 30 isadanyamuke. Basi ya gulu yomwe kampani ya sitima idakonza ikachedwa, sitima imadikira kapena kampaniyo imasenza udindo wofikitsa anthuwo padoko lotsatira. Munthu amene adadziyendera yekha alibe mwayi umenewu. Akachedwa, sitima ikhoza kumusiya, ndipo ndalama za malo ogona ndi za ulendo wotsatira sitimayo zimachoka m'thumba mwake, pomwe katundu wake ali m'chipinda chake panyanja.

N'chifukwa chake woyenda payekha amayamba kuwerenga nthawi kuchokera kumapeto. Mwachitsanzo, sitima yonyamuka 7 koloko madzulo imafuna anthu ake pofika 6:30. Wochenjera amakonza zofika padoko cha m'ma 5 koloko, kuti ngati galimoto zathithikana pamsewu asagwidwe njakata. Ayeneranso kutenga nambala ya foni ya woimira sitimayo padoko, yomwe imalembedwa pandondomeko ya tsikulo, komanso kuonetsetsa kuti wotchi yake ikugwirizana ndi nthawi yomwe sitima ikutsatira.

Kusiyana kwa awiriwa pamalamulo

Ku Italy ntchito ziwirizi zimayendetsedwa ndi lamulo nambala 21 la chaka cha 1992, lomwe lidazisiyanitsa momveka bwino. Takisi imalandira chiphaso kukhonsolo ya mzinda, imaima pamalo okhazikitsidwa n'kunyamula aliyense wobwera, ndipo mitengo yake imakhazikitsidwa ndi khonsoloyo. Ndalama zolipira zimawerengedwa ndi mita malinga ndi mtunda komanso nthawi. Ku Roma ndi ku Napoli matakisi ovomerezeka ndi oyera, ali ndi chikwangwani pamwamba ndiponso nambala ya chiphaso yoonekera.

Galimoto ya dalaivala wapadera imadziwika ndi zilembo za NCC, zomwe zimaimira mawu a Chitaliyana otanthauza kubwereka galimoto pamodzi ndi woyendetsa wake. Iyonso imakhala ndi chilolezo cha khonsolo, koma siyiloledwa kuima pamalo a matakisi n'kumasaka anthu. Wofuna kuikwera amayenera kupangana nayo kaye. Ilibe mita, ndipo mtengo wake ndi womwe mbali ziwirizo zagwirizana. Galimoto zotere zimanyamula anthu osapitirira 8 kuphatikizapo dalaivala wachisanu ndi chinayi, kotero banja lalikulu kapena gulu la abwenzi likhoza kugawana mtengowo.

Kusiyanaku kumathandiza mlendo kuzindikira wachinyengo. Munthu amene akuyandikira alendo pachipata cha doko n'kumawanyengerera kuti akwere galimoto yake yopanda chikwangwani cha takisi, pomwe sadapangane naye kale, sakutsatira lamulo la ntchito ziwirizi. Galimoto yotero ikachita ngozi kapena pakabuka mkangano wa mtengo, mlendo amasowa pogwira.

Civitavecchia: doko lotalikira mzinda

Ndondomeko zambiri za maulendo zimalemba kuti sitima idzaima ku Roma, koma mzindawu suli m'mphepete mwa nyanja. Sitima zimakocheza ku Civitavecchia, doko lomwe lidamangidwa ndi mfumu Trajan kumayambiriro a zaka za m'ma 100, ndipo lili pamtunda wa makilomita pafupifupi 80 kumpoto chakumadzulo kwa Roma. Ndi doko lotanganidwa kwambiri pa maulendo otere m'dziko lonse la Italy: m'chaka cha 2023 padadutsa alendo oposa 3 miliyoni.

Ulendo wapagalimoto kudzera mumsewu waukulu wa A12 umatenga ola limodzi ndi mphindi zingapo, kapena ola ndi theka magalimoto akachuluka polowa mumzinda. Kupita ndi kubwerera kumadya pafupifupi maola atatu a tsiku la mlendo. Dokolo nalonso ndi lalikulu, moti anthu ambiri amayamba akwera basi yochokera pomwe sitima yaima kukafika pachipata cha doko asadapeze galimoto zina.

Pamtunda wotere takisi imakhala ndi zovuta ziwiri. Choyamba, tawuni ya Civitavecchia ndi yaing'ono ndipo matakisi ake sangakwanire anthu zikwizikwi otsika nthawi imodzi pa tsiku lomwe sitima zingapo zakocheza. Chachiwiri, takisi yomwe yatula mlendo ku Roma ilibe udindo womubweza, pokhapokha atagwirizana kuti idikire, ndipo kudikirako kumalipiridwa. Madzulo mlendo amayenera kusaka ina yoti ivomere ulendo wautali wotuluka mumzinda, nthawi yomwe anthu akuweruka kuntchito ndipo misewu yadzaza.

Dalaivala wapadera amachotsa nkhawa imeneyi. Amatenga mlendo m'mawa, amamudikira pamalo aliwonse, ndipo ndi iye amene amayang'anira nthawi yonyamukira kubwerera. Madalaivala omwe ali ndi chilolezo cholowa padoko amafika pafupi ndi sitima penipeni. Galimoto zawo, zikakhala ndi chilolezo choyenera, zimalowanso m'madera apakati pa Roma omwe amadziwika kuti ZTL, momwe galimoto wamba siziloledwa nthawi zina za tsiku. Zimenezi zimathandiza okalamba, olumala ndi makolo a ana aang'ono, chifukwa amatsikira pafupi ndi malo monga Pantheon ndi kasupe wa Trevi m'malo moyenda wapansi mtunda wautali.

Njira yotsika mtengo kwambiri pakati pa Civitavecchia ndi Roma ndi sitima yapamtunda, yomwe imatenga pafupifupi ola limodzi kukafika pasiteshoni ya Roma San Pietro pafupi ndi Vatican. Ena amakwera sitimayi kenako n'kumagwiritsa ntchito matakisi pa maulendo afupiafupi a mumzinda. Njirayi imafuna munthu wamphamvu zoyenda, wodziwa kuwerenga ndondomeko ya nthawi, komanso amene wafufuza ngati ogwira ntchito zamtengatenga sadalengeze sitiraka pa tsikulo.

Napoli: doko la mkati mwa mzinda

Ku Napoli zinthu n'zosiyana. Sitima zimakocheza pa Stazione Marittima, pakatikati pa mzinda, moyang'anizana ndi nyumba yachifumu yakale ya Castel Nuovo. Wofuna kuona mzinda wokha akhoza kuyenda wapansi kapena kukwera takisi kwa mphindi zochepa. Kulemba dalaivala wa tsiku lonse pa ulendo wotere n'kutaya ndalama.

Ngakhale mabwinja a Pompeii, mzinda womwe udakwiririka phiri la Vesuvius litaphulika m'chaka cha 79, ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 25 okha. Khonsolo ya Napoli idakhazikitsa mitengo yosasintha ya maulendo ena odziwika, kuphatikizapo ulendo wopita ku Pompeii ndi kubwerera, takisi ikudikira kwa nthawi yoikika. Mndandanda wa mitengoyi umayenera kupezeka m'takisi. Chofunika n'chakuti wokwera anene kuti akufuna mtengo wokhazikikawo ulendo usadayambe. Akangokhala chete, dalaivala amayatsa mita. Apa mpomwe mwambi wakuti safunsa adadya phula umagwira ntchito.

Koma wofuna kukafika kugombe la Amalfi, kumatawuni monga Positano ndi Ravello, wabwereranso pavuto la mtunda. Msewu wa kumeneko ndi wopapatiza, wokhotakhota m'mbali mwa mapiri, ndipo m'nyengo yotentha galimoto zimayenda ngati nkhono. Malo oimika galimoto ndi osowa. Paulendo umenewu dalaivala wapadera wozolowera msewuwo, amene amadziwa nthawi yoyenera kutembenuka, ndiye woyenera.

Zomwe dalaivala sangachite

Alendo ena amaganiza kuti polemba dalaivala wapadera alembanso wowalondolera. Ku Italy izi ndi ntchito ziwiri zosiyana. Kulondolera alendo ndi kuwafotokozera mbiri mkati mwa malo monga Colosseum kapena Pompeii kumafuna chiphaso chakechake. Dalaivala akhoza kufotokoza zomwe zikuoneka m'njira, koma akafika pachipata amatsalira. Wofuna womulondolera amalipira padera.

Galimoto, ikhale ya mtundu wanji, sichotsanso mizere ya pakhomo. Matikiti a Colosseum, bwalo lomwe lidatsegulidwa m'chaka cha 80, amakhala ndi nthawi yake yolowera ndipo ndi bwino kuwagula pa intaneti pasadakhale. Nyumba zosungiramo zinthu zakale za ku Vatican zimakhala zotseka Lamulungu, kupatula Lamulungu lomaliza la mwezi. Lachitatu m'mawa, Papa akamakumana ndi anthu, dera la tchalitchi cha St Peter's limadzaza ndipo kalowedwe kamasintha. M'tchalitchimo salola munthu amene mapewa kapena mawondo ake ali pamtunda. Dalaivala wodziwa ntchito amakonza ulendo poganizira zonsezi, pomwe wa takisi amangopita komwe wauzidwa.

Zofunika kugwirizana ulendo usadayambe

Wolemba dalaivala wapadera ayenera kukhala ndi mgwirizano wolembedwa, ngakhale pa imelo. Mgwirizanowo utchule mtengo wonse ndi ngati ukuphatikiza ndalama zolipira pamisewu ikuluikulu ndi poimika galimoto, malo enieni okumanirana, chiwerengero cha maola, nthawi yofikira padoko madzulo, ndi chiyankhulo chomwe dalaivalayo amayankhula. Mfundo ina yomwe ambiri amaiwala ndi ya zomwe zingachitike sitima ikalephera kukocheza kaamba ka mphepo yamkuntho. Zimenezi zimachitika, ndipo makampani amasiyana pa kabwezedwe ka ndalama zomwe munthu adalipiriratu.

Wokwera takisi aikwerere pamalo ovomerezeka, aone kuti mita yayatsidwa kapena mtengo wokhazikika wavomerezedwa, alembe nambala ya chiphaso ndi kupempha lisiti. Ngati takisiyo idzamudikira, ndi nzeru kulipira ndalama zonse atabwerera padoko.

Kwa Amalawi, kaya ochokera kuno kumudzi kapena okhala kunja koma akuyendera pasipoti ya Malawi, pali chinanso choyamba: kutsika pamadoko a Italy kawirikawiri kumafuna viza ya Schengen, yomwe imakonzedwa ulendo usadayambe.

Kusankha kwake

Takisi ndi yoyenera pomwe doko lili mkati kapena pafupi ndi mzinda, malo okaona ndi amodzi kapena awiri, ndipo pali njira zina zobwererera zinthu zikavuta. Dalaivala wapadera ndi woyenera pomwe mtunda ndi wautali, malo okaona ndi ambiri, anthu ndi okwanira kugawana mtengo, kapena pagulupo pali wovutika kuyenda. Amene akuona kuti tsiku lake lathina kwambiri moti kuchedwa kwa theka la ola kukhoza kumusiyitsa sitima, achepetse malo okaona kapena akwere basi ya gulu ya kampani ya sitimayo.