Opaleshoni ya pulositeti ndi vuto la kudontha kwa mkodzo

Abambo a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri omwe akuvutika pokodza amayambira ku zipatala zing'onozing'ono za m'madera awo, ndipo ofunika opaleshoni amatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chomwe ambiri amachitcha Gulupu.

Pulositeti ndi chiwalo cha abambo chomwe chili pansi pa chikhodzodzo, ndipo njira ya mkodzo imadutsa pakati pake. Chiwalochi chikangokula chifukwa cha ukalamba, madotolo amapala kapena kuchotsa mbali yam'kati yokha. Koma pakakhala khansa yomwe sinafalikire, amatha kuchichotsa chonse n'kusokerera njira ya mkodzo ku khomo la chikhodzodzo. Opaleshoni yachiwiriyi ndi yomwe imadzetsa kwambiri kudontha kwa mkodzo.

Mwamuna amasunga mkodzo ndi zotsekera ziwiri. Choyamba chili pakhomo la chikhodzodzo ndipo chimawonongeka pa opaleshoniyo. Ntchito yonse imatsalira chachiwiri, kamnofu kozungulira njira ya mkodzo kunsi kwa pulositeti.

Apa ndi pomwe magazi amafunikira. Khungu lam'kati mwa njirayi limakhala lofewa ndi lotupirako chifukwa cha timitsempha ta magazi, motero limagwirana bwino mnofu uja ukafinya. Pochotsa pulositeti, dotolo amamanga mitsempha ina kuti wodwala asataye magazi ambiri. Magazi akamafika ochepa pamalo osokedwawo, bala limachedwa kupola, khungu limauma, ndipo chipsera chimatha kupanikiza njirayo. Ndiye chifukwa chake wina amadontha akatsokomola kapena kunyamula katundu, pomwe mnzake amakodza movutikira ngati sanachitidwe opaleshoni.

Mu 1982, dotolo Patrick Walsh wa ku Johns Hopkins m'dziko la America anayamba kuchotsa pulositeti mosadula minyewa yoyandikana nayo, ndipo madotolo ambiri anatengera njirayi.

Paipi ya mkodzo imakhala m'thupi sabata imodzi kapena ziwiri. Ikachotsedwa, kudontha n'kosadabwitsa, ndipo ambiri amayambanso kusunga mkodzo chisanathe chaka. Kufinya ndi kumasula minofu yomwe munthu amaletsera mphweya, kangapo pa tsiku, kumafulumizitsa kuchira. Kusala madzi poopa manyazi kuntchito n'kulakwitsa, chifukwa mkodzo wokhathamira umapweteka chikhodzodzo. Fodya ndi shuga wosasamalidwa zimachepetsa magazi pabala.

Mkodzo ukatsekeka kotheratu, kapena thupi likatentha, wodwala abwerere kuchipatala tsiku lomwelo.