Mlendo wa ku Australia amene amafukula sefa

Mukalowa pabalaza ku Kabulonga kapena ku Woodlands mu Lusaka n'kupeza thanki ya galasi, timiyala pansi, paipi ikubwibwinyiza thovu pakona, dziwani kuti mukuona luso la makedzana. Sefa yobisika pansi pa timiyala idafala pakati pa oweta nsomba ku Ulaya ndi ku America m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, ndipo idalamulira kwa nthawi yaitali chifukwa chotchipa.

Pansi penipeni pamagona chimbale cha pulasitiki chobooka timabowo. Pamwamba pake amathira timiyala, muyezo wa masentimita 5 mpaka 7. Kapampu kamapopera mpweya m'paipi, thovu likamakwera limakoka madzi, ndiye madzi a m'thanki amatsika kudutsa m'timiyala. Ogwira ntchito enieni ndi mabakiteriya omata pa timiyalato. Iwo amasandutsa amoniya wa m'ndowe za nsomba kukhala nitrite, kenako nitrate, yemwe poizoni wake ndi wochepa. Katswiri wa ku Russia, Sergei Winogradsky, adaunika tizilombo totere cha m'ma 1890, sefayi isanabadwe n'komwe.

Lusoli limafuna ziwiri: timiyala tokhala phee, ndi mpweya wosadukiza. Crayfish, kachibale kake ka nkhanu kokhala ndi mchira, imadana ndi choyambacho.

Kunotu crayfish ndi yobwera. Yofiira ya ku Louisiana idadzera ku Kenya, kunyanja ya Naivasha, n'kufika pa famu ina ku Livingstone chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Koma imene yatchuka ndi redclaw, Cherax quadricarinatus, ya kumpoto kwa Australia ndi ku New Guinea. Yaimuna imadziwika ndi banga lofiira m'mphepete mwa chopanira chake. Idabwera kudzawetedwa m'madamu, idapulumuka, ndipo pofika 2001 inali mu mtsinje wa Kafue. Posakhalitsa idaonekanso kunyanja ya Kariba, cha ku Siavonga. Asodzi amadandaula kuti imadya nsomba zokodwa kale mu ukonde, m'mawa amavuula mitu ndi minga. Ena adatembenuka n'kuyamba kuitchera misampha, poti m'Lusaka ogula alipo, makamaka a ku China ndi malo odyera. Kuchokera mu ndowa ya wogulitsa kukalowa m'thanki ya mwana wa ku Chelstone kapena Kabwata ndi ulendo waufupi.

Madzi a Lusaka imawakonda. Mzindawu udakhala pa miyala ya laimu, choncho madzi a m'mijigo yake amakhala ndi calcium wambiri, yemwe crayfish imafuna ikafundula chigoba chakale. A pampopi amangofunika kuwachotsa klorini.

Mavuto amayamba kukada. Crayfish imakumba, kukankha timiyala ngati thirakitala, mpaka chimbale chija chili pambalambanda. Madzi ndi aulesi, amathamangira podutsika msanga, ndiye onse amalowera pa dazi lomwelo, kwinako kumangounjikana nyansi. Komanso imadya mwauve, kumwaza zinyenyeswazi zimene zimakaolera pansi pa chimbale. Odziwa amayala kaukonde ka pulasitiki pakati pa timiyala kuti ikumbe n'kulekezera pomwepo, amaiikiranso zidutswa za paipi zobisalamo. Ineyo ndimaona kuti kasefa ka siponji kamachepetsa mutu, ngakhale nakonso imakanyotsola.

Chachiwiri chija, mpweya wosadukiza, chidayesedwa mu 2024, chilala chitachepetsa madzi a ku Kariba opangira magetsi, malaiti n'kumathima pafupifupi tsiku lathunthu. Pampu ikaima, mabakiteriya a pansi pa timiyala amasowa mpweya n'kuyamba kufa, amoniya n'kukwera. Nsomba imangoyasamira pamwamba pa madzi. Crayfish siidikira. Imagwira kapaipi ka mpweya, kukwera pang'onopang'ono, ndipo ngati chivundikiro chili ndi mpata, m'mawa mwini nyumba amakaipeza kuseri kwa furiji, zopanira zili m'mwamba.