Nyumba za Khonsolo ku Britain

Pamene nkhondo yoyamba ya dziko lonse inkatha m'chaka cha 1918, mabanja atatu mwa anayi alionse ku England ankakhala m'nyumba za lendi, zambiri mwa izo zothithikana ndi zachinyontho. Lamulo la 1919 lidapatsa makhonsolo udindo womanga nyumba zoti anthu wamba azikhalamo pa lendi yotsika. Ntchitoyi idakula itatha nkhondo yachiwiri, popeza mabomba adali atagumula nyumba zochuluka.

Zinthu zidatembenuka m'chaka cha 1980. Boma la Mayi Margaret Thatcher lidapatsa okhala m'nyumba za khonsolo ufulu wozigula, ndipo wokhalitsa ankamuchotsera mpaka theka la mtengo. Pofika 1987 nyumba zoposa miliyoni imodzi zidali zitagulidwa. Ogulawo adakondwa, ndipo palibe angawadzudzule. Koma makhonsolo adaletsedwa kumangira nyumba zina gawo lalikulu la ndalamazo, choncho m'nkhokwe ankangotapamo osathiramo. Ana a ogula aja atakula adapeza mzere wodikira nyumba utatalika, nabwerera kwa eni nyumba amalonda, ena kukalipira lendi yokwera m'nyumba zomwe kale zidali za khonsolo. Scotland idathetsa ufuluwu mu 2016, Wales mu 2019.