Foni imene ndinalanda, ndi nyimbo ya Paul Ngozi

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'kalasi mwanga, lero ndilibe nkhani ya mayeso. Nkhani yanga ikuyambira pa foni imene ndinalanda.

Munali mu November 2024, dzuwa la kuno ku Salima lija loti ngakhale mbidzi za ku Kuti zimangoima pamthunzi. Masana ena ndikudutsa kuseri kwa kalasi ya Fomu 3 ndinamva gitala ikulira m'thumba la mnyamata wina. Malamulo mukuwadziwa, foni pasukulu ayi. Ndinatambasula dzanja, iye n'kupereka ndi manja awiri, koma nyimbo inali isanathe. Ndikuyenda nayo kupita ku ofesi, pakati pa Chingerezi cha ku America paja panatulukira mwamuna akuyimba Chinyanja. Ndinaima njii. Mawu amenewo ndinkawadziwa, ndipo panali patatha zaka zoposa 30 ndisanawamve.

"Iwe, nyimbo imeneyi ndi ya ndani?"

"Ndi ya Tyler, the Creator, aphunzitsi. Yangotuluka kumene."

"Nanga akuyimba Chinyanjayu ndani?"

"Kaya, mwina anangomulemba ganyu."

Woyimba amene mwana wanga ankamuyesa waganyuyo anamwalira mu 1989, Tyler mwiniyo asanabadwe nkomwe. Dzina lake ndi Paul Ngozi wa ku Lusaka, gulu lake linali Ngozi Family, ndipo nyimbo imene Tyler anadula n'kuika mu yake yotchedwa Noid ndi Nizakupanga Ngozi, ya m'chimbale cha 45,000 Volts chimene chinatuluka mu 1977.

Ine nyimboyi ndinaimvera kwa amalume. Iwo anagwira ntchito ku Lusaka zaka zambiri, n'kubwerera kumudzi cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, chuma cha Zambia chitalowa pansi. Katundu amene anabwera naye kudzera ku Chipata ndi Mchinji sanali wambiri: sutikesi, makina osokera, galamafoni ya mabatire ndi mbale zake zochepa. Madzulo akamwa pang'ono ankatulutsa galamafoni ija pakhonde. Agogo sankaifuna nyimbo imeneyi, ankati gitala yake ikulira ngati chigayo chadya mwala. Koma mawu akayamba, iwo omwewo ankapendeka mutu kumvetsera, kenako n'kunena kuti, "Apo pokha wanena zoona mnyamatayu." Ndili mwana sindinkamvetsa kuti munthu angadane bwanji ndi nyimbo n'kuvomerezana nayo nthawi yomweyo. Panopa ndikuona kuti mbiri yonse ya gululi ili pamenepo.

Tiyambe ndi dziko limene nyimboyi inabadwira. Zambia inalandira ufulu pa 24 October 1964, miyezi yochepa ife titalandira wathu. Kusiyana kwake kunali mkuwa. Migodi ya ku Kitwe, Mufulira, Luanshya ndi Chingola inkabweretsa ndalama, ndipo anthu ochuluka anasamukira m'matauni kuposa kuno. Pamene pali malipiro a pamwezi pamakhalanso mabala, maholo ovinira ndi masitolo ogulitsa mbale za nyimbo. Achinyamata a kumeneko anamva The Beatles ndi The Rolling Stones, kenako Jimi Hendrix, Deep Purple ndi Black Sabbath. Anayamba n'kutengera, pambuyo pake n'kupeka zawo. Mayimbidwe amenewa ndi amene amatchedwa Zamrock. Mayina akuluakulu ndi WITCH ya Emmanuel "Jagari" Chanda, Amanaz, ndi Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga.

Mu 1975 Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti wayilesi ya boma iziulutsa kwambiri nyimbo za m'dziko momwemo, ndipo chiwerengero chimene chimatchulidwa kawirikawiri ndi nyimbo 95 pa 100 zilizonse. Cholinga chake chinali cha ndale, kumanga mtundu umodzi. Mwina iye ankayembekezera ng'oma ndi makwaya. Koma wayilesi imafuna nyimbo zodzaza tsiku lonse, ndipo amene anali okonzeka ndi magitala m'manja anali anyamata a tsitsi lalitali aja. Ku Ndola kunali kampani ya Teal yodinda mbale, komanso Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo imene inatulutsa zimbale za magulu ambiri. Msika unatseguka.

Paul Dobson Nyirongo anabadwa mu 1949 ndipo anakulira m'makomboni a Lusaka. Taonani dzinalo, Nyirongo. Woyimba ng'oma wake anali Chrissy Zebby Tembo, wa besi Tommy Mwale. Mukanawaitana pa rejisitala ya kalasi iliyonse ku Mzimba kapena ku Kasungu palibe akanadabwa. Paul anayimbako gitala mu Musi-O-Tunya pamene gululo linali ku Nairobi, kenako anabwerera kwawo n'kuyambitsa lake. Dzina loti Ngozi analipeza chifukwa cha zimene ankachita pamaso pa anthu: kudumpha, kuzunza gitala, ngakhale kuiyimba ndi mano monga ankachitira Hendrix. Chimbale cha Day of Judgement chinatuluka mu 1976, ndipo chaka chotsatira kunabwera 45,000 Volts.

Choncho tisanamizane, dzina linayamba, nyimbo inabwera pambuyo. Komabe dzina palokha silikwanira. Tonse tikudziwa aphunzitsi amene ana anawapatsa dzina loopsa koma ukawaona ndi nkhosa. Dzina limakhazikika tsiku limene mwini wake wachita chinthu choti aliyense anene kuti eya, n'chifukwa chake amamutcha choncho. Kwa Ngozi Family chinthu chimenecho ndi nyimbo iyi.

Poyamba ndi kaliridwe ka gitala. Paul ankagwiritsa ntchito kabokosi koponda ndi phazi kotchedwa fuzz. Kabokosika kamakweza mphamvu ya mawu a gitala kupyola muyezo, mpaka nsonga za mawuwo zimadukaduka, ndiye m'malo molira mosalala gitala imalira mokhadzula ngati sipika yong'ambika. Chimene katswiri wa wayilesi angachitche vuto, iwo anachisandutsa chida. Pamwamba pa apo pali kachidutswa kafupi ka gitala kobwerezabwereza, kamene oyimba amati riff, kolemera ngati munthu akusinja mumtondo waukulu. Nyimbo za hard rock zimayenda pa kachidutswa kotere. Deep Purple inatulutsa Smoke on the Water mu 1972, yonena za moto umene unapsereza holo ina ku Montreux m'dziko la Switzerland chaka cha 1971, ndipo kuyambira pamenepo mwana aliyense wophunzira gitala amayambira pa kachidutswa kake. Gululo lili ndi nyimbo mazana, koma nkhope yake ndi imeneyo.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, ndi chiyankhulo. Magulu ambiri a Zamrock ankayimba kwambiri m'Chingerezi. Paul nayenso ankatero, koma ankabwererabwerera ku Chinyanja, ndipo sichinali Chinyanja cha m'buku. Chinali cha mumsewu wa Lusaka. Mzindawu unakhala likulu mu 1935, ndipo anthu ochokera ku Chipata, Katete, Petauke ndi kuno ku Nyasaland anapita kukafuna ntchito ndi chiyankhulo chawo. Apolisi a nthawi ya atsamunda ankagwiritsanso ntchito Chinyanja. M'makomboni chinasakanikirana ndi Chinsenga, Chibemba ndi Chingerezi. N'chifukwa chake pamene ife timati "ndidza", iwo amati "niza". Mwana atalemba mutu wa nyimboyi pa mayeso a Chichewa ndingamuchonge ndi cholembera chofiira kawiri. Koma tayesani kuukonza kuti ukhale wa galamala yolondola, muona kuti mano ake onse aguluka.

Nanga nyimboyo ikunena chiyani? Mlendo akamva gitala ija ndi liwu loti ngozi amaganiza za nkhondo, ziwanda kapena kuukira boma. Ayi ndithu. Ndi mwini nyumba amene akuchenjeza munthu wobwera pakhomo pake kuti asunge ulemu ndi kusiya miseche, apo ayi aona zakuda. Basi. Ndi nkhani ya pachitsime, ya pampopi wa komboni pamene nyumba zathithikana moti ukatsokomola mnzako amva. Aliyense amene anakhalako m'nyumba za lendi ku Kawale kapena ku Ndirande akudziwa kuti lilime la neba limaphwasula banja msanga kuposa njala. Paul anatenga chida cholemera kwambiri chimene achinyamata a ku Birmingham anapanga, n'kuchigwiritsa ntchito pa mlandu woti kumudzi ukanathera kwa ankhoswe.

Apa ndi pamene agogo anga ankagwidwa. Khutu lawo linkakana, koma mutu unkavomera, chifukwa malangizowo anali omwe aja iwo ankapereka kwa atsikana. Ndipo ichi ndicho chinakhala chizindikiro cha gululi: kunja ukali, mkati mwambo. Mukamvetsera nyimbo zina za Paul mupeza zomwezo. Mu Day of Judgement muli Kumanda Kwa Bambo Wanga, mutu woti ukanayenera nyimbo ya pamaliro. Chimbale chake china anachitcha The Ghetto, dzina lonena za makomboni amene anakuliramo. Sankayimba za maloto a ku London. Ankayimba za makolo, maukwati, mowa, umphawi ndi khalidwe, koma mokuwa.

Ena mwa inu mufunsa kuti bwanji kuno kwathu kunalibe zotere, pamene chiyankhulo ndi chimodzi ndipo malire ndi apa pomwe. Oyimba aluso tinali nawo: Daniel Kachamba, Allan Namoko, Robert Fumulani ndi Likhubula River yake. Koma ganizirani mnyamata wa tsitsi lofika m'mapewa ndi buluku lotambalala kumiyendo akuyenda mu Limbe m'chaka cha 1976. Malamulo a mu 1973 ankaletsa amuna kusunga tsitsi lalitali, ndipo anagwira ntchito kufikira nyengo ya referendamu ya 1993. Bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo linalipo kuyambira 1968, ndipo ngakhale Cecilia ya Simon ndi Garfunkel inaletsedwa chifukwa cha dzina lokhalo. Wayilesi inali imodzi, MBC, ndipo oyimba ambiri ankajambulira komweko. Munthu wodzitcha Ngozi, woopseza pa mutu wa nyimbo, akanafunsidwa kuti akuopseza yani. Amalume ankanena kuti ulendo uliwonse wobwera kutchuthi ankayamba alowa kwa ometa ku Chipata. Sindikunena kuti ku Zambia kunali ufulu wonse, pakuti nakonso kunali chipani chimodzi kuyambira 1973. Koma Kaunda, amene mwiniwake ankakonda kuyimba gitala, sanalimbane ndi tsitsi la oyimba ngati mmene zinalili kuno.

Zamrock sinakhalitse. Mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975 mafuta atakwera kale, ndipo pofika kumapeto kwa zaka khumi zimenezo munthu ankasankha pakati pa ufa ndi chimbale. Nkhondo ya ku Rhodesia inafika mpaka pafupi ndi Lusaka mu 1978, boma linaletsa kuyenda usiku, ndipo gulu loyimba lopanda usiku lilibe ntchito. Kenako kunabwera disiko, pambuyo pake kalindula. Edzi inamaliza zotsalazo, inatenga oyimba ochuluka a m'badwo umenewo. Paul anamwalira ali ndi zaka 40. Jagari wa WITCH anapulumuka, anakhala mphunzitsi mnzathu kwa zaka zingapo, kenako n'kukakumba miyala ya mtengo wapatali. Ku Lusaka kuli msewu wotchedwa Paul Ngozi, koma mbale zake zinasowa m'masitolo.

Amene anazifukula ndi akunja. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inayamba kudindanso zimbale za Zamrock, kuphatikizapo za Ngozi Family, ndipo WITCH inadzukanso mpaka kutulutsa chimbale chatsopano, Zango, mu 2023. Ndiye mu October 2024 kunabwera Noid. Nyimbo ya Tyler ikunena za mantha a munthu wotchuka amene akuona ngati aliyense akumuzonda ndi kumujambula. Ndiyenera kuvomereza kuti anasankha bwino. Mwini nyumba wa ku komboni wotopa ndi amiseche ndi woyimba wa ku America wotopa ndi makamera akudandaula chinthu chimodzi. Dzina la Paul linalembedwa pakati pa opeka nyimboyo, ndipo anthu mamiliyoni amene sadziwa kumene kuli Zambia anamva Chinyanja kwa nthawi yoyamba.

Komabe pali chimene chimandivuta. Amalume mukanawafunsa nyimbo yaikulu ya Paul Ngozi, sakanatchula iyi. Iwo ankakonda Bauze. Nkhope imene dziko lapansi likuidziwa lero yasankhidwa ndi anthu amene samva mawu ake, patatha zaka 35 mwini wake ali m'manda. Ndikawerenga zimene azungu amalemba za iye, ambiri amangoti ndi Black Sabbath ya ku Africa, woyimba wolusa wa gitala yamoto. Theka lokhalo ndi limene akuliona. Theka linalo, la nankungwi wovala buluku lotambalala, tingalimve ndi ife amene chiyankhulochi tinayamwira. Ndipo ife amene tingalimve ndi amene tinali titamuiwala. M'silabasi ya mbiri timaphunzitsa za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland kuyambira 1953 mpaka 1963, za migodi ndi za anthu opita kukagwira ntchito kunja, koma sitinenapo kuti anthuwo pobwerera ankanyamula chiyani m'masutikesi mwawo.

Foni ija ndinabweza Lachisanu monga mwa lamulo, koma ndinayamba ndamuuza mwini wake kuti afufuze nyimbo yoyambirirayo, aimvetsere yonse, ndipo Lolemba adzandiuze zimene ikunena. Anabwera ndi anzake atatu. Anati gitala yake ndi yabwino kuposa ya Tyler, koma mawu ake ndi ofanana ndi zimene amayi ake amauza mayi wina woyandikana nawo nyumba.

Pa tchuthi cha Khirisimasi ndinapita kumudzi kukafunsa azakhali, akazi a malemu amalume, ngati mbale zija zilipo. Anandilozera mtanga wina kuseri kwa chitseko. Zikuto zake chiswe chinadya kalekale. Mbale zitatu zinalimo, zonse zopindika ndi kutentha ngati chipewa, ndipo pepala la pakati linafufutika moti sindinathe kudziwa kuti ya Ngozi ndi iti. Ndinatenga zonse zitatu. Azakhali anandiuza kuti ndibweze imodzi, chifukwa ndi imene amavundikirira mtsuko wa madzi akumwa.