John Adams: Loya Amene Anaimira Adani pa Mlandu

Pa 5 Malichi 1770, asilikali a Britain anawombera khamu la anthu mumzinda wa Boston, ndipo anthu asanu anafa. Nthawi imeneyo dera la Massachusetts linali m'manja mwa Angerezi, ndipo eni mzinda anali atatopa kale ndi misonkho ya atsamundawo. Mitima inali m'mwamba, ndipo ambiri ankafuna kuti asilikaliwo anyongedwe.

Amene anavomera kuwaimira kubwalo la milandu anali John Adams, loya wa zaka 34, yemwenso ankadana ndi misonkhoyo. Iye anadziwa kuti akuika dzina lake pachiswe, koma ankakhulupirira kuti munthu, angadedwe chotani, sayenera kuweruzidwa ndi mkwiyo wa gulu. M'bwalomo anaonetsa kuti khamulo ndilo linayamba kugenda asilikaliwo. Mkulu wawo, Thomas Preston, anapezeka wosalakwa. Mwa asilikali 8 amene anazengedwa mlandu pambuyo pake, 6 anamasulidwa, pomwe awiri anawapeza olakwa pa mlandu wopha mosakonzekera, nawaotcha chizindikiro pachala chachikulu.

Chodabwitsa n'chakuti anthu a ku Boston sanamutaye. Mu Juni chaka chomwecho, milanduyo isanayambe n'komwe, anamusankha kukhala phungu wawo m'nyumba ya malamulo ya Massachusetts. Mu 1774 anapita kumsonkhano wa nthumwi za madera a atsamunda ku Philadelphia, ndipo mu 1776 analimbikira kwambiri kuti maderawo alengeze ufulu wodzilamulira. Ndiyenso analemba mbali yaikulu ya malamulo oyendetsera Massachusetts, omwe anayamba kugwira ntchito mu 1780 ndipo akutsatidwabe mpaka lero.

Komatu mpando umayesa munthu koposa bwalo la milandu. Adams atakhala pulezidenti wachiwiri wa United States mu 1797, ubale wa dzikolo ndi France unasokonekera. Mu 1798, poopa nkhondo, anasaina lamulo lolanga olemba kapena kuyankhula zonyoza boma. Munthu amene anatchinjiriza adani ake ku Boston uja analola tsopano kuti omutsutsa atsekedwe pakamwa. Phungu wina wa ku Vermont, Matthew Lyon, anaponyedwa m'ndende miyezi inayi, koma anthu akwawo anamusankhanso adakali m'ndendemo.

Lamulo limeneli linali chimodzi mwa zifukwa zomwe zinamugwetsa pachisankho cha 1800, pamene Thomas Jefferson anapambana. Adams anatula pansi udindo mwamtendere nabwerera kumunda wake ku Quincy, komwe anamwalira pa 4 Julayi 1826, tsiku lomwelo limene Jefferson anatsikira kulichete.